Delos ndi Mabwinja a Lusaka: Umboni wa Mapale ndi Umboni wa Mawu

Pa Nyanja ya Aegean, pafupi ndi chilumba cha Mykonos m'dziko la Greece, pali kachilumba kotchedwa Delos, kamene kukula kwake sikufika masikweya kilomita anayi. Pachilumbapo palibe mudzi. Alendo amafika pa bwato, nayendera mabwinja, ndipo tsiku lomwelo amabwerera. Ogona pamenepo ndi alonda ndi akatswiri ofukula zakale okha. Komatu kalelo malowa anali opatulika kwa Agiriki, amene ankakhulupirira kuti milungu yawo Apollo ndi Artemis inabadwira pomwepo. M'nkhani ino tiyamba ndi Delos pofuna kufunsa za kwathu kuno: kodi mzinda wa Lusaka uli ndi mabwinja otani, nanga ife ophunzira zinenero tili ndi gawo lanji powamasulira?

Mbiri ya Delos ndi yodziwika bwino. M'chaka cha 478 Khristu asanabadwe, mizinda ya Agiriki imene inagwirizana polimbana ndi Aperisi inaika chuma chake pachilumbachi, kufikira m'chaka cha 454 pamene Athens anachisamutsira kwawo. M'chaka cha 426 anthu a ku Athens omwewo, pofuna kuyeretsa chilumbacho, anafukula manda onse natengera mafupa ku chilumba choyandikana nacho cha Rheneia, ndipo analamula kuti pa Delos pasabadwe munthu ndiponso pasafere munthu. Kwa ife amene manda timawaopa, lamulo lotere ndi lovuta kulimvetsa, pakuti anthu opanda manda pamalo alibenso chonenera kuti malowo ndi awo. Aroma atasandutsa Delos doko lopanda msonkho cha m'ma 167, amalonda ochokera ku Italy, Syria ndi Egypt anadzazamo, ndipo malonda aakulu anali a akapolo. Strabo analemba kuti dokolo linkatha kulandira ndi kutumiza akapolo 10,000 tsiku limodzi. Ankhondo a Mithridates anausakaza mzindawo m'chaka cha 88, achifwamba a panyanja anabwerezanso m'chaka cha 69, ndipo kuyambira pamenepo unanka nuzilala. Akatswiri a ku France anayamba kufukula mwadongosolo mu 1873, ndipo mu 1990 UNESCO inaika Delos pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi.

Pali zinthu ziwiri zimene zimachititsa kuti Delos awerengeke mosavuta. Choyamba, anthu atachoka sipanamangidwenso mzinda wina pamwamba pake, kotero misewu, zitsime ndi maziko a nyumba zili poyera. Ndipo n'zochititsa chidwi kuti dzinalo limafanana ndi liwu la Chigiriki lotanthauza chinthu chooneka. Chachiwiri, eni ake ankalemba pamiyala. Oyang'anira kachisi wa Apollo ankazokota chaka ndi chaka ndalama zolowa ndi zotuluka, amalonda ankalemba mayina awo ndi a milungu yawo, mwakuti wofufuza sachita kuyerekeza chinenero chimene chinkalankhulidwa pamsika.

Ku Lusaka zonse ziwirizi kulibe. Ana a sukulu amaphunzira kuti mzindawu unayamba ndi njanji mu 1905, nukhala likulu mu 1935 pamene boma la atsamunda linasamuka ku Livingstone, ngati kuti kale lonselo kunali thengo lokhalokha. Nthaka ikunena zina. Pa chitunda cha Twin Rivers, kumwera chakumadzulo kwa mzinda, pamene J. Desmond Clark anafukula m'zaka za m'ma 1950 ndi Lawrence Barham mu 1999, panapezeka zida za miyala ndi miyala yoperapo utoto za zaka zoposa 170,000. Phanga la Leopard's Hill, limene dzina lake lili pa msewu wotuluka mumzinda cha ku Kabulonga ndi Woodlands, linasunga zida za alenje a nthawi ya zida za miyala. Koma malo otikhudza kwambiri ife a zinenero ndi awiri amene D. W. Phillipson anafukula m'zaka za m'ma 1960: Kapwirimbwe, m'mbali mwa mzinda, ndi Twickenham Road ku Olympia Park.

Pa Kapwirimbwe panali mudzi cha m'zaka za m'ma 400 Khristu atabadwa. Panapezeka mapale ambiri okongoletsedwa, zidutswa za dothi lomatira, zotsalira zochuluka za chitsulo chosungunulidwa, malumo, nsonga ya mkondo ndi mafupa a ng'ombe. Pa Twickenham Road, pamene anthu anakhalapo pakati pa zaka za m'ma 800 ndi chiyambi cha m'ma 1100, panapezeka mbiya za mtundu wofanana ndi za Kapwirimbwe, mphero, mafupa a mbuzi ndi a nyama zakuthengo, ndiponso mbiya zoboolaboola pansi. Pamwamba pa zimenezi panali mapale a kaumbidwe kena, kamene Phillipson anakatcha ka Luangwa. Anthuwa ankamanga ndi mitengo, dothi ndi udzu, choncho woyendera malo otere asayembekeze kuona zipilala za mwala monga za ku Delos. Zonse zili pansi, ndipo pamwamba pake pali nyumba, mipanda ndi phula. Lamulo la 1989 limene linakhazikitsa National Heritage Conservation Commission limafuna kuti wopeza zakale akanene ku bungweli, koma wokumba maziko ku Chelstone kapena ku Kabwata angakanene bwanji mapale amene sanaphunzitsidwepo kuwazindikira?

Tsono popeza anthu a Kapwirimbwe sanatisiyire cholembedwa, ofufuza akhala akutembenukira ku zinenero kuti zidzaze mpatawo. Njira yake ndi yoyerekeza mawu. Liwu lathu loti kuumba lili ndi abale ake: ukubumba m'Chibemba, kubumba m'Chitonga. Mbiya ikugwirizana ndi cibiya wa Chitonga ndi imbiza ya Chizulu. Mbuzi ndi imbushi m'Chibemba, mbuzi m'Chiswahili, imbuzi m'Chizulu. Kusula kwathu ndi ukufula kwa Abemba ndi kufua kwa Aswahili. Mawu otere ndiwo amene Malcolm Guthrie anasonkhanitsa m'mabuku ake anayi a Comparative Bantu, otuluka pakati pa 1967 ndi 1971, nawabwezera ku mitsitsi imodzi. Phillipson, m'buku lake la 1977, analumikiza umboni umenewu ndi wa mapale, nanena kuti alimi oyamba odziwa chitsulo m'chigawo chino ndiwo anabweretsa zinenero za Chibantu. Pambuyo pake chikhalidwe chonsecho anachitcha Chifumbaze, potengera malo ena a m'chigawo cha Tete ku Mozambique.

Ganizo limeneli ndi lokoma kulimva, ndipo mwina mbali yake yaikulu ndi yoona, koma m'pofunika kuti mphunzitsi asalipereke kwa ophunzira ngati nkhani yotha. Mu 1977 momwemo Pierre de Maret ndi François Nsuka anaonetsa kuti mawu a usuzi si umboni wolimba monga mmene ankaganizira, pakuti mtsitsi wa kusula uyenera kuti poyamba unkatanthauza kumenya kapena kukhoma chabe, ndipo unadzalandira tanthauzo la chitsulo pambuyo pake. Liwu likhoza kukhala lakale koposa ntchito imene likutchula lero; likhozanso kubwerekedwa kwa anansi pamodzi ndi chida chake, anthu osasamuka n'komwe. Mu 1995 Jan Vansina anatsutsa chithunzi cha khamu limodzi losamuka, nanena kuti zinenerozi zinafalikira pang'onopang'ono, m'mafunde ambiri, ndiponso mwa anthu osiya chinenero chawo n'kutenga cha anzawo.

Chenjezo limeneli likutikhudza ife a Chinyanja mwapadera. Kaumbidwe ka Luangwa, kamene kanayamba kuoneka cha m'zaka za m'ma 1000, kakufanana ndi mbiya zimene amayi a Chichewa, Chinsenga, Chibisa ndi Chibemba akhala akuumba mpaka m'nthawi yathu. Pachifukwa chimenecho munthu angakopeke kunena kuti amene anasiya mapale apamwamba pa Twickenham Road ankalankhula Chinyanja. Umboni wake palibe. Kaumbidwe kamodzi kamadutsa malire a zinenero zingapo, ndipo m'kagawidwe ka Guthrie Chinyanja chili m'gulu N pamene Chisoli ndi Chilenje, zinenero za eni nthaka ya kuno, zili m'gulu M. Kufala kwa Chinyanja mu Lusaka ndi kwa dzulodzuloli, kobwera ndi antchito, apolisi ndi asilikali m'zaka za m'ma 1900. Ngakhale dzina la mzinda ndi la nyakwawa Lusaaka, amene mudzi wake akuti unali cha ku Manda Hill, pafupi ndi pamene pali Nyumba ya Malamulo lero; ndipo liwu loti manda, ngakhale timalimva ngati lathu, lili m'zinenero zinanso za muno.

Pamene chinenero chimathandiza popanda chikaiko ndi pomasulira ntchito ya chinthu chofukulidwa, ndi polondolera wofukula kumene angakumbe. Yusuf Juwayeyi, m'buku lake la 2020, akufotokoza mmene mbiri yapakamwa ya Achewa inagwirizanirana ndi zofukulidwa pa Mankhamba, likulu la Kalonga pafupi ndi Mtakataka ku Malawi. Kuno kwathu titenge mbiya zoboolaboola za pa Twickenham Road zija. Phillipson anaganiza kuti zinali zokonzera mchere. Mayi aliyense wa ku Katete kapena ku Chadiza amene anachezapo chidulo, kuthira madzi pa phulusa m'chiwiya chobooka pansi kuti adonthere m'mbale, angazindikire ntchitoyo msanga, ndipo ali ndi mawu a sitepe iliyonse: udzu kapena zitsononkho zotentha, kachezedwe kake, ndi ndiwo zoyenera kuthiramo. Mawu a mtundu umenewu, pamodzi ndi a ng'anjo, mvukuto, mtapo ndi kaotchedwe ka mbiya, ena mwa iwo analowa m'dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott ya 1892. Ofanana nawo a m'Chisoli ndi Chilenje, amene ali pafupi kwambiri ndi mabwinja a Lusaka, ndiwo ofunika kuti ophunzira athu a chaka chomaliza apite nawo ku Chongwe ndi ku Chibombo ndi chojambulira mawu, akawafunse kwa oumba ndi osula okalamba, liwu lililonse lilembedwe pamodzi ndi chithunzi cha chida chake ndi dzina la mudzi kumene lamvedwa.