Za Kombe ndi Ulembe, ndi Kufika kwa Mfuti

Aphunzitsi ena asokoneza mau awiri awa, kombe ndi ulembe, nayesa kuti ali amodzi. Si kutero ai. Kombe ndilo dzina la chomera choyanga, chimene chikwera pa mitengo m'nkhalango za ku chigwa cha Shire ndi cha Zambezi. Koma ulembe ndiwo mankhwala akupha amene alenje anapaka pa mibvi yao, angakhale achokere ku chomera chiti. Tsono tinena kuti, "Anasinja kombe, napanga ulembe." Mbiri ya chomera ichi iyenera kudziwika kwa inu, pakuti chinachokera m'phodo la mlenje, nichikafika m'nyumba za odwala za ku Ulaya.

Kombe abala zipatso zache ziwiriziwiri, zazitali ndi zosongoka, zotambasuka ngati nyanga za ng'ombe. Zikauma zing'ambika, ndipo mbeu ziuluka ndi mphepo, popeza iri yonse iri ndi ubweya wonga nthenga. Mphamvu iri m'mbeumo. Alenje anachotsa ubweyawo, nasinja mbeu, nazisanganiza ndi madzi ndi utomoni kufikira zitachita phala lomata.

Mapangidwe a mubvi wache anali anzeru ndithu. Chitsulo chokhala ndi mano anachizika pa kamtengo kafupi, ndipo kamtengoko anakalonga m'bango kosamangitsa. Ulembe anaupaka pa kamtengoko, kunsi kwa chitsulo. Polasa njati, bango linakodwa m'zitsamba nilitayika, koma chitsulo ndi ulembe zinatsala m'thupi. Bango likadakhala lomangika, bwenzi likuzula zonse poyamba kuthamanga nyamayo. Pamenepo mlenje sanachite liwiro. Anatsata mapazi pang'onopang'ono kufikira ataipeza ili gone, mtima wache utaleka kugunda. Ndimo anadula mnofu wozinga bala nautaya, koma nyama yotsala anthu anadya osabvutika.

Njobvu ndi mvuu zinaposa mubvi, chifukwa ulembe wokwana pa kamtengo kamodzi unachepera thupi lotere. Izi anazikumbira mbuna, kapena anapachika chipika cholemera chokhala ndi nthungo pamwamba pa njira yao, kuti nyama ikakhudza chingwe chipikacho chiigwere pamsana. Njobvu ikafa, mnyanga umene unakhudza pansi unali wa mfumu mwini dziko, ndi winawo wa mlenje.

M'chaka cha 1859 David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire pamodzi ndi dotolo John Kirk, munthu wodziwa za zomera. Kirk anafunitsa kudziwa chimene Amang'anja anapangira ulembe wao, nasonkhanitsa kombe. Tsiku lina anatsuka mano ndi mswachi umene unagona m'thumba limodzi ndi kombeyo. Anamva kuwawa m'kamwa, nazindikiranso kuti mtima wache, umene unali kugunda msanga chifukwa cha chimfine, unayamba kugunda mofatsa. Nkhani iyi inalembedwa m'buku la ulendo wa pa Zambezi limene linasindikizidwa mu 1865, ndipo Kirk anaganiza kuti kombe wapang'ono akhoza kukhala mankhwala.

Amene anatsiriza ntchitoyi ndiye Thomas Fraser wa ku Edinburgh. Iye anayesa mbeuzo zaka zambiri, napatula mphamvu yache yeniyeni, naitcha strophanthin. Ndipo mu 1885 anauza madotolo anzache kuti ithandiza odwala mtima wofoka. Ophunzira za zomera anatcha chomeracho Strophanthus kombe, kotero kuti liu la Chimang'anja linalowa m'mabuku a maiko onse. Pomwepo malonda anayamba. Anthu a ku midzi anathyola kombe m'thengo nagulitsa kwa Azungu, makamaka a Mandala, ndipo a Burroughs Wellcome a ku London anapanga nazo mankhwala a m'mabotolo. Madotolo a ku Germany ndiwo anawakonda koposa, nabaya nawo odwala m'mitsempha zaka zambiri, kufikira mankhwala ena atawalowa m'malo. Maina a Kirk ndi Fraser tiwadziwa; koma alenje amene anayamba kuzindikira kuti mbeu iyi igwira mtima anali atatsogola kale ndi mibadwo yambiri, ndipo ife tiyesa kuti ulemu wao suchepa.

Chodabwitsa nchakuti zaka zomwezo zimene kombe anatchuka ku Ulaya, kwao kuno uta unali kugonja kwa mfuti. Mfuti zinalowa ndi malonda a minyanga ndi a akapolo. Ayao anazitenga ku Kilwa ndi ku madoko ena a ku nyanja ya mchere. Jumbe wa ku Nkhotakota anali nazo zambiri. Ndipo Achikunda, amene kale anali asilikali a m'minda ya Apwitikizi pa Zambezi, anasanduka osaka njobvu, nayenda nazo kutali. Amakololo amene anatsala m'chigwa cha Shire pochoka Livingstone mu 1864 anali owerengeka chabe, koma popeza anali ndi mfuti, Kasisi, Chipatula, Katunga ndi anzao anakhala mafumu pa Amang'anja. Apa muone kuti chida chosakira nyama chinasandukanso chida cholandira dziko.

Mfuti za masiku aja ndizo zotchedwa gogodera. Dzinali lichokera ku mneni "kugogoda", pakuti mwini wache anathira wonga kukamwa kwa mfuti, naikapo chiguduli ndi chipolopolo, nagogoda ndi ndodo yachitsulo kuti zitsike. Zipolopolo zinali zidutswa za chitsulo zosulidwa kumudzi. Sitiyenera kuyesa kuti gogodera anaposa uta m'zonse. Anachedwa kulonga, wonga ukanyowa anakana, ndipo wina akachulutsa wonga mfuti inaphulika nimdula zala. Phokoso lache linabalalitsa nyama zonse za m'dambo, pamene mubvi unapita mwakachetechete. Koma njobvu anaigwetsa, ndipo mnyanga ndiwo unagula nsalu, mikanda ndi wonga wina. Chifukwa chache anyamata anasiya kuphunzira kusinja kombe.

Azungu naonso sanaleke njobvu. Alfred Sharpe anafika mu 1887 ngati wosaka minyanga, ndipo yemweyo anadzakhala Bwanamkubwa wa Nyasaland kuyambira 1907 kufikira 1910. Pangano la ku Brussels la 1890 linachepetsa kugulitsa mfuti ndi wonga m'maiko ano, ndipo boma la Angerezi litakhazikika mu 1891 linalamula kuti mwini mfuti adule chiphaso. Pofika 1897 nyama zinali zitachepa, boma nilipatula malo awiri oyamba osungiramo nyama, ku nyanja ya Chilwa ndi ku dambo lija la ku Shire kumene Livingstone anaona njobvu ngati 800 pamalo amodzi. Lamulo la nyama la 1926 linautsa mkangano waukuru: amishoni, Azungu a minda, ndi mabungwe a eni dziko anatsutsana nalo, nati nyama ziri kutha mbeu za anthu m'minda, ndipo mwini munda wamangidwa manja. Lero lomwe malamulo a Malawi aletsa kupha nyama za m'thengo ndi mankhwala akupha. Ndipo muchenjeze ana anu kuti mbeu za kombe si zoseweretsa.

Tipempha inu amene mukhala kufupi ndi nkhalamba zodziwa za uzimba, muzifunse dzina la kombe m'chinenero cha kwanuko, ndi utomoni umene anasanganiza nawo, ndi mau amene anatchulira kamtengo kaja ka pakati pa chitsulo ndi bango. Mulembe monga momwe zinenera, osakonza, ndi kutchula dera limene mwazimva.