Tanthauzo la mawu: Conchiglioni

Conchiglioni ndi mawu a Chitaliyana ochokera ku conchiglia, kutanthauza chigoba cha nkhono ya m'nyanja. Kachidutswa kakumapeto, -oni, kamakulitsa chinthu, monga mmene ife timanenera kuti chimtengo kapena chinyumba. Choncho dzinali ndi la pasita woumbidwa ngati zigoba zikuluzikulu. Tating'onoting'ono amati conchigliette, ndipo timathiridwa mu supu.

Kukulako kuli ndi ntchito yake. M'kati mwa chigoba chilichonse amaikamo tchizi, makamaka ricotta, atasakaniza ndi dzira komanso sipinachi, n'kundandalika zigobazo pa msuzi wa tomato, kenako n'kuzilowetsa mu uvuni. Mabanja ambiri a ku America ochokera ku Italy amakonda chakudyachi pa Khirisimasi. Powiritsa zigobazi, muziphule zisanapsetse, chifukwa zikafewa kwambiri zimang'ambika poikamo tchizi.