Nkhondo Nazonso Zili ndi Mabanja Ake

Acinyamata anzanga, kusukulu munaphunzira kuti Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse inatha pa 11 November 1918. Izi ndi zoona. Koma kodi mudziwa kuti pa tsikulo asilikali a Germany anali akali ndi mfuti m'manja kufupi ndi Kasama? Iwo anatula zida pa 25 November ku Abercorn, kumene lero timati Mbala. Ngati m'buku lanu nkhondoyi mwaiika pa tsamba la "nkhondo za ku Ulaya" cabe, tsiku la ku Mbala lidzasowa pokhala, ndipo makolo athu amene anavutika nayo adzaiwalika.

Ndiye cifukwa cake muyenera kusanja nkhondo monga banja. Kholo ndi nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918. Ana ake ndi nkhondo za m'zigawo, monga ya ku France, ya ku Russia ndi ya kum'mawa kwa Africa. Adzukulu ndi kumenyana kwa pamalo amodzi. Pa kumenyana kulikonse dzifunseni: kunacitika liti, kuti, ndipo anamenyana ndani?

Tiyeni titenge mwana mmodzi, nkhondo ya kum'mawa kwa Africa, ndi kugawa adzukulu m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi nkhondo za m'malire, 1914 mpaka 1915. Mu August 1914 sitima ya Angelezi, Guendolen, inawononga sitima ya Ajeremani pa nyanja ya Nyasa. Mu September kunali kumenyana ku Karonga ndi ku Abercorn, mu November ku Tanga, ndipo mu 1915 ku Saisi.

Gulu laciwiri ndi kulowa m'dziko la German East Africa, limene mbali yake yaikulu lero ndi Tanzania, 1916 mpaka 1917. Smuts anacokera ku Kenya. Northey anacokera ku malire a Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Asilikali a Belgium anacokera ku Congo, nalanda Tabora mu September 1916.

Gulu lacitatu ndi kuthamangitsana. Mu November 1917 mkulu wa asilikali a Germany, von Lettow-Vorbeck, anawoloka mtsinje wa Rovuma kulowa mu Mozambique. Mu 1918 anabwerera, nalowa m'dziko lathu. Uthenga wakuti nkhondo yatha unam'peza pafupi ndi mtsinje wa Chambeshi, pamene lero pali cipilala ca cikumbutso.

Taonani cimene kusanja kwatithandiza. Karonga, Saisi ndi Mbala si nkhani zitatu ai, koma nkhani imodzi. Ndiponso tiona kuti caka ndi caka nkhondo inali kupita kutali ndi njanji. Nchenche za kashembe zinali kupha akavalo ndi ng'ombe, kotero cakudya ndi zipolopolo zinayenda pamitu ya anthu. Amuna ambiri anatengedwa m'midzi kukhala atengatenga, ndipo ambiri anafa ndi matenda ndi njala. Kumudzi minda inasowa olima.

Tsopano nchito ili kwa inu. Pa msonkhano wanu wotsatira tengani pepala lalikulu, mulembepo kholo, ana ndi adzukulu. Kenaka mukafunse agogo ngati anamvapo za wacibale amene anasenza katundu pa nkhondo ya Jeremani. Akakuuzani dzina ndi malo, muliike m'gulu lake.