Kuyezetsa Khansa Yakumtundu ndi Banja la Mtsikana ku Dowa ndi Ntchisi

Kuyezetsa khansa yakumtundu ndi kupima magazi kapena malovu a munthu pofuna kudziwa ngati anabadwa ndi jini yolakwika imene imamuika pachiopsezo chodzadwala khansa. Woyezedwayo amatha kukhala wathanzi, wolima ndi kusenza madzi ngati anzake, chifukwa chimene akufufuza ndi mpata wodzadwala m'tsogolo. Majini odziwika kwambiri pankhaniyi ndi BRCA1 ndi BRCA2, amene ntchito yawo ndi kukonza DNA ikaonongeka m'maselo. Mary-Claire King wa ku America anasonyeza mu 1990 malo amene BRCA1 ili, jiniyo inadziwika bwino mu 1994, ndipo BRCA2 inapezeka mu 1995. Mwa amayi 100 odwala khansa ya m'mawere, 5 mpaka 10 okha ndi amene khansa yawo ndi yotengera kwa makolo. Koma kwa amene ali ndi jini yolakwikayo chiopsezo n'chachikulu. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi 7 mwa amayi 10 otere amadwala khansa ya m'mawere asanafike zaka 80, ndipo mwa a BRCA1 oposa 4 mwa 10 amadwala khansa ya m'timatumba ta mazira. Kholo lokhala ndi jiniyi, kaya ndi mayi kaya ndi bambo, limaipatsira mwana kapena ayi mofanana ndi kuponya ndalama m'mwamba: mwana aliyense ali ndi mpata wa theka.

M'zipatala za boma ku Dowa ndi ku Ntchisi, ngakhalenso za mishoni monga Madisi, Mvera ndi Mtengowanthenga, kuyeza kumeneku si ntchito imene imachitika. Mayi wa ku Malomo kapena ku Mponela akamva chotupa m'bere amayamba kuchipatala chapafupi, kenako amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, komwe kuli malo aakulu othandizira odwala khansa m'dziko muno, ndipo ambiri amafikako matenda atakula kale. Wofuna kuyezetsa majini amayenera kutumiza magazi kunja, monga ku South Africa, ndi ndalama za m'thumba mwake. Komabe majiniwa sali mwa azungu okha. Gulu la ofufuza la Olufunmilayo Olopade linalengeza mu 2018 kuti mwa amayi odwala khansa ya m'mawere amene linawayeza ku Ibadan m'dziko la Nigeria, pafupifupi 11 mwa 100 anali ndi vuto mu BRCA1 kapena BRCA2. Mtengo woyezera watsika kwambiri pazaka zapitazi, ndipo mabanja amene ali ndi ana ogwira ntchito ku Lilongwe kapena ku Johannesburg ndi amene adzayambe kubweretsa zotsatira zotere kumudzi. Zotsatirazo zidzafika anthu asanagwirizane za mmene angazisungire, ndipo wovutika woyamba adzakhala mtsikana amene sanakwatiwe.

Kumaiko a azungu nkhawa yaikulu ya mtsikana wopezeka ndi jiniyi ndi nthawi. Madokotala amalangiza kuchotsa timatumba ta mazira ndi machubu ake pazaka 35 mpaka 40 kwa wa BRCA1, ndi 40 mpaka 45 kwa wa BRCA2, atamaliza kubereka. Kumene akazi ambiri amabereka mwana woyamba ali pafupi ndi zaka 30, uphungu wotere umawathamangitsa kupeza mwamuna ndi kubereka mofulumira. Wosewera m'mafilimu Angelina Jolie anachititsa nkhaniyi kutchuka mu 2013 atalengeza kuti wachotsetsa mawere onse awiri, ndipo mu 2009 ku London kunabadwa mwana amene anasankhidwa ali kamluza kuti asakhale ndi BRCA1 yolakwika. Ku Malawi kalendala yake ndi ina. Theka la akazi amakhala atabereka pofika zaka pafupifupi 19, motero mayi wa ku Ntchisi wa zaka 35 nthawi zambiri ali ndi ana angapo kale. Jiniyi siletsa kutenga pakati, siletsa kuyamwitsa, ndipo kuyamwitsa nthawi yaitali, kumene ndi mwambo wathu, kumachepetsako chiopsezo cha khansa ya m'mawere kwa a BRCA1. Pamene nthawi imapana mayi wakumudzi ndi pa banja lachiwiri. Maukwati amatha, amuna amamwalira, ndipo mayi wa zaka 36 amene wakwatiwanso amadziwa kuti mwamuna watsopanoyo ndi abale ake akudikira mwana wawowawo. Kumuuza mayi ameneyu kuti achotsetse timatumba ta mazira ndi kumuuza kuti aike banjalo pachiswe, ndipo phungu amene sakuona zimenezi adzadabwa mayiyo akapanda kubweranso.

Choopsa chachikulu, komabe, ndi mbiri imene ingagwere mtundu wonse. Zotsatira za munthu mmodzi zimanenanso za achemwali ake, ana ake ndi ana a abale ake, ngakhale iwowo sanapemphe kuyezedwa. M'midzi ya Achewa kumene ukwati ndi wachikamwini, akazi a mbumba imodzi amakhala pamalo amodzi, nyumba ya mkulu pafupi ndi ya mng'ono wake. Mnyamata akafuna kufunsira mbeta, amalume ake amayamba afufuza za banjalo, ndipo mawu akuti "kumeneko kuli matenda akumtundu" akhala akulepheretsa maukwati kuyambira kale pankhani za khunyu ndi khate. Mawu amenewa akamveka pa mudzi, sasiyanitsa mtsikana amene anatengera jiniyo ndi mng'ono wake amene sanatengere, chikhalirecho theka la iwo alibe vuto lililonse. Zimene zachitikira amayi obereka ana achialubino zikutichenjeza mokwanira: chialubino chimabwera pokhapokha bambo ndi mayi onse atapereka jini yake, koma amene amathawidwa ndi kunyozedwa ndi mayi. Pa khansa ya m'mawere kulakwitsako kungakhale kosavuta kwambiri, poti odwala ooneka ndi akazi. Mwamuna amatha kusunga jiniyi moyo wake wonse osadwala, n'kuipatsira mwana wake wamkazi, ndipo wa BRCA2 amakhala pachiopsezo cha khansa ya prostate komanso ya m'bere. Chifukwa chake wofunsa mbiri ya banja asamalekezere kuchikazi kokha. Azakhali amene anamwalira ndi bala la m'bere ali ndi zaka 38 amawerengedwa mofanana ndi mayi aang'ono, ngakhale mwamwambo mwanayo si wa mbumba yawo.

Ena anganene kuti wofuna kukwatira ali ndi ufulu wodziwa, monga mmene mipingo yambiri imalimbikitsira anthu otomerana kuyezetsa HIV asanadalitse ukwati. Kufananitsa kumeneku sikukwanira. HIV imapatsirana pakati pa mwamuna ndi mkazi, ndiye kudziwa kumateteza thupi la mnzakeyo. Jini ya BRCA sichoka kwa mkazi kupita kwa mwamuna wake, ndipo mwana amene angaitengere amakula bwinobwino, chiopsezo chake chimayamba atakula. N'zoona kuti banja labwino silimangidwa pa zobisirana, ndipo mkazi amene adzafunike opaleshoni adzafuna mwamuna womvetsa. Koma nthawi youlula ndi munthu womuuza ayenera kusankha mwiniwake, osati ankhoswe kapena abusa. Ngakhale pa HIV pomwepo, lamulo la mu 2018 limaletsa kusala ndi kuulula zotsatira za munthu mwachisawawa, ndipo akazi ena akhala akuthamangitsidwa m'mabanja atauza amuna awo zimene anamva kusikelo. Chinsinsi chotere chimatayikira pa zinthu zazing'ono. Buku la kuchipatala limakhala m'chikwama kapena pansi pa mphasa, mwamuna amalitsegula, apongozi amalinyamula poperekeza wodwala, ndipo mwana wasukulu amapemphedwa kuliwerenga mokweza. Zotsatira za majini zikalembedwa mmenemo ndiye kuti zalengezedwa.

Ena amatsutsa mwamphamvu koposa, kuti palibe phindu kuuza mtsikana wa ku Nthondo kuti ali pachiopsezo pamene makina ounikira mawere ali kutali, komanso pamene khansa imene ikupha amayi ambiri m'Malawi ndi ya khomo la chiberekero. Mbali yaikulu ya mfundoyi ndi yoona. Khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo ka HPV, si yakumtundu, ndipo mtsikana amene mayi ake anamwalira nayo ayenera kuuzidwa zimenezi momveka kuti asadzione ngati wolodzedwa kapena wosayenera banja. Katemera wa HPV, amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019, ndi kuyezetsa khomo la chiberekero pachipatala chapafupi zingapulumutse anthu ambiri kuposa kuyeza majini. Kuyeza atsikana onse kungakhale kuononga ndalama ndi kufesa mantha. Koma izi sizikutanthauza kuti mabanja ochepa amene khansa ikuwatsata asiyidwe. Dokotala kapena namwino atha kuwazindikira ndi mafunso okha: abale angapo a mbali imodzi odwala khansa ya m'mawere, wodwala asanafike zaka 50, khansa m'mawere onse awiri, khansa ya m'timatumba ta mazira, kapena mwamuna wodwala khansa ya m'bere. M'banja lotere woyamba kuyezedwa akhale amene akudwala kale, chifukwa zotsatira zake ndi zimene zimasonyeza chimene angafufuze mwa abale ake. Ana osakwana zaka 18 sayezedwa BRCA, popeza palibe chimene angachite pa msinkhu umenewo ndipo ayenera kudzasankha okha. Wopezeka nayo atha kupimidwa mawere ndi manja pafupipafupi, kutumizidwa ku Lilongwe msanga akamva chachilendo, ndi kukambirana ndi dokotala za opaleshoni akamaliza kubereka, iye atasankha yekha ngati mwamuna wake akhalepo pa zokambiranazo.