Manda asanu a ku Chembe

Khala apa pamkeka, mdzukulu wanga, chikwamacho uchisiye kaye. Mayi ako andiuza kuti kalata yafika, a mpingo wako wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza akukutuma kunja kwa dziko zaka ziwiri. Ine ndine wa CCAP ndipo ndidzafera momwemo, koma sindikuletsa. Anzako ndinawaonapo ku Blantyre akuyenda awiriawiri, malaya oyera, tayi pakhosi, kachikwangwani kakuda pachifuwa, ana a zaka 18 kapena 19 anthu n'kumawatchula kuti Elder. Usanakwere basi ndifuna umve za anyamata ena amene anasiya kwawo n'kudzagwira ntchito yomweyo kuseri kwa mapiri awa.

Nkhaniyi ndinaimva kwa agogo anga, ndipo zaka zake ndinadzaziphunzira ndili kale pasukulu. Tsiku lina ananditenga kuno ku Lusumbwe, tinayenda wapansi kudutsa m'mapiri mpaka ku Chembe, kumene azungu amati Cape Maclear. Sitinapite kugombe kumene asodzi amayanika usipa. Anandilowetsa m'tchire patsinde pa phiri, pakati pa miyala ikuluikulu, anyani akutiyang'ana. Pamenepo anavula chipewa, nati, "Werenga manda awa." Ndinawerenga asanu.

Sitima ya Ilala imene umaiona padoko pano inayamba kuyenda mu 1951, koma dzinalo inalitenga kwa inzake yakale. Ilala yoyamba inali kasitima kakang'ono koyendera nkhuni. Inachokera ku Britain ili zidutswazidutswa, ndipo pa mathithi a Shire anthu mazanamazana anaisenza pamutu, kukwera zitunda, mpaka anakaimanganso kumtunda. Inalowa m'nyanja muno pa 12 Okutobala 1875, itanyamula gulu la amishoni a ku Scotland. Mtsogoleri anali E. D. Young, koma m'gulumo munali dokotala wa ku Aberdeen, Robert Laws, wa zaka 24 zokha. Mfumu Mponda inawalola kukhala, ndipo anasankha Chembe chifukwa sitima inkabisala bwino ku mphepo kuseri kwa zilumba za Thumbi ndi Domwe. Malowo anawatcha Livingstonia, pokumbukira David Livingstone amene anali atamwalira mu 1873.

Masiku amenewo nyanja ino inali njira ya akapolo. Anthu ankawoloka m'zombo, magoli m'khosi, kupita kugombe la kum'mawa. Ena othawa ndiwo anayamba kudzakhala pafupi ndi amishoni aja, poona kuti pamenepo palibe wowagwira. Mu 1876 Laws anagoneka mnyamata wina ndi mankhwala, n'kumuchotsa chotupa pamwamba pa diso. Anthu ankati wafa, kenako anamuona akudzuka. Mbiri imeneyo inayenda kutali kuposa ulaliki wonse.

Tsono pano tchera khutu, chifukwa ambiri akamasimba amangotchula azungu. Mu 1876 Dr James Stewart anabwera ndi anyamata anayi akuda ngati iwe, Axhosa ochokera kusukulu ya Lovedale ku South Africa: William Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Palibe anawakakamiza. Anamva kuti kunyanja kukufunika anthu, anadzipereka okha. Wauchope anadwala n'kubwerera msanga. Ntintili anakagwira ntchito ku Blantyre. Mngunana ndiye ankaphunzitsa ana pa Chembe, ndipo sanathe ngakhale chaka, anamwalira mu 1877, chaka chomwecho chimene anamwalira Dr William Black. Pambuyo pake anatsatira John Mackay, George Benzie ndi John Gunn. Malungo sankasankha khungu. Kwinini amishoniwo anali naye, koma zoti udzudzu ndiwo umabweretsa matendawo panalibe ankadziwa. Ankaganiza kuti ndi mpweya wa m'madambo.

Taganiza, mwanawe. Waika m'manda mnzako amene munkadya naye mbale imodzi, madzulo ukuliza belu la mapemphero, ndipo anthu obwera akufuna nsalu ndi mankhwala basi. Chaka chatha, china chatha, wobatizidwa palibe. Kwawo ku Scotland amene ankasonkha ndalama ankafunsa kuti zipatso zili kuti. Munthu woyamba kubatizidwa anali Albert Namalambe, pa 27 Malichi 1881, patapita zaka zoposa zisanu. Manda asanu, Mkhristu mmodzi. Chaka chomwecho mishoni inasamukira ku Bandawe, ndipo Namalambe ndiye anatsala akuyang'anira sukulu ndi mapemphero pa Chembe.

Agogo anga akafika apa ankakhala chete kanthawi. Kenako ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndakalamba ndikuilingalira nkhaniyi, ndipo ndimaona kuti m'zaka zisanu zija amene ankaumbidwa kwambiri anali amishoni eni akewo. Laws anafika ali mnyamata wodziwa za m'mabuku. Pa Chembe anaphunzira kudula nkhuni za sitima, kukumba manda, kudwala n'kudzukanso, ndiponso kukhala pansi n'kumafunsa anthu wamba dzina la chinthu chilichonse m'Chinyanja. Ndi mawu otolera choncho amene anadzamasulira nawo Chipangano Chatsopano. Anakhala m'dziko muno zaka 52, n'kuchoka mu 1927.

Koma amene ndimamukonda ine ndi Koyi. Sukulu sanapite nayo patali, ndipo podzipereka ananena yekha kuti luso lake ndi lochepa, angathe kumatema nkhuni ndi kutunga madzi. Munthu ameneyo ndiye anadzatsegula khomo kwa Angoni a M'mbelwa, chifukwa chilankhulo chake chinali chapafupi ndi chawo. Anakhala pakati pawo ku Njuyu masiku amene mikondo inali isanagone, akumva milandu yawo, akudya zimene iwo ankadya, akuleza mtima mafumu akamuzengereza. Anamwalira komweko mu 1886. Kwawo anali atapitako kukakwatira, n'kubwereranso, akudziwa bwino lomwe zimene nyanja ino inachita kwa Mngunana.

Nawe ukafika kumene ukupitako adzakutsekera zitseko. Ena adzakuseka chifukwa cha kalankhulidwe kako, ena adzakufunsa mafunso amene sudzatha kuyankha. Mnzako amene adzakupatse kuti uziyenda naye usana ndi usiku mwina simudzamvana, ndipo sudzatha kumuthawa. Padzakhala madzulo ena pamene udzalakalaka nsima ya kondowole ndi chambo cha mayi ako mpaka misozi. Usadzaone ngati Mulungu wakusiya. Ukaphunzire moni wa eni dziko usanayambe kuwaphunzitsa, ukadye chimene akupatsa, ndipo akakufunsa za chiwerengero cha amene wabatiza uzikayankha zoona, ngakhale atakhala mmodzi, ngakhale pasakhale aliyense. Neti ya udzudzu usakaisiye m'chikwama.

Mandawo alipobe, mkati mwa Lake Malawi National Park. Miyendo yangayi singathenso mapiri aja, choncho mawa ulawirire, ukapeze njinga zamoto ziwiri pamsika. Ndifuna ukaime pamene ndinaima ine ndi agogo anga, uvule chipewa, uwerenge wekha mandawo usanapite.