Mafunso ndi Mayankho: Kodi Makampani Anayamba Liti Kufunsa Manambala Asanamange Mfundo?

Funso: Kodi nzeru younika ziwerengero za malonda kuti kampani idziwe chochita inayamba liti?

Yankho: Ntchito imene lero imatchedwa business intelligence ndi yakale kuposa kompyuta. Buku la Richard Millar Devens la mu 1865 limasimba za Sir Henry Furnese, mponda matiki wa ku London wa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600. Iyeyu anali ndi anthu ake ku Holland, Flanders, France ndi Germany omutumizira nkhani za nkhondo, moti ankamva zinthu anzake asanamve n'kupindula nazo. Mu 1958 Hans Peter Luhn wa ku IBM analongosola mmene makina angagwirire ntchito yotere, ndipo mu 1989 Howard Dresner anapatsa dzinali tanthauzo limene lili nalo lero.

Funso: Nanga kampani yoyamba kuyendetsa malonda ake ndi kompyuta inali iti?

Yankho: Sinali banki kapena fakitale ya ndege ayi. Inali J. Lyons & Co. ya ku Britain, yogulitsa tiyi, buledi ndi makeke m'malo omwera tiyi pafupifupi 200. Phindu pa keke imodzi linali lochepetsetsa, choncho kuphika zochuluka kunali kutaya ndalama, kuphika zochepa kunali kubweza makasitomala. Alembi miyandamiyanda ankangokhalira kuwonkhetsa timapepala.

Mu 1947 kampaniyi inatumiza Raymond Thompson ndi Oliver Standingford ku America kukaona njira zatsopano za mu ofesi. Kumeneko anamva kuti kwawo komwe, pa yunivesite ya Cambridge, Maurice Wilkes akumanga kompyuta yotchedwa EDSAC. A Lyons anathandizapo ndi ndalama, kenaka anamanga yawoyawo ku likulu lawo la Cadby Hall ku London, n'kuitcha LEO. Inali chimakina chodzaza chipinda, chokhala ndi machubu agalasi onga mababu pafupifupi 6,000, ndipo manambala inkawasunga ngati mawu oyenda m'mipope ya mercury. Mu November 1951 inayamba kuwerengera mtengo wa zophikidwa m'mabekare. Pofika 1954 inkakonza malipiro: ntchito imene mlembi ankaigwira mphindi 8 pa munthu mmodzi, LEO inkaimaliza m'sekondi imodzi ndi theka.

Chokoma kwambiri ndi dongosolo la maoda. Malo alionse omwera tiyi anali ndi oda yake yokhazikika. Masana alionse mayi woyang'anira malowo ankatchula pa lamya zokhazo zimene zasintha, monga kuchepetsa msuzi wotentha ngati kunja kwatentha. Olandira lamya ankaboola makadi, ndipo usiku LEO inkawerengera zoti ziphikidwe, zipakidwe ndi kukwezedwa m'galimoto iti. Inkatulutsanso malipoti oonetsa akuluakulu chimene chikuyenda malonda ndi chimene chikutsalira. Apa m'pamene pali luso lenileni: anthuwa anayamba amvetsa ntchito yawo, makina n'kubwera pambuyo. N'zomvetsa chisoni kuti mabuku ambiri amatamanda makampani a ku America okhaokha, ophika makekewa n'kuiwalika.

Funso: Kodi n'zoona kuti Walmart inapeza kuti abambo ogula matewera amagulanso mowa, n'kulemera poika zinthu ziwirizi pamodzi?

Yankho: Ayi ndithu. Nkhaniyi imakambidwa m'makalasi a zamalonda ngati yotsimikizika, koma yathiridwa mchere wambiri. Sitolo zake sizinali za Walmart, zinali za Osco Drug. Cha mu 1992 gulu la ku kampani ya Teradata lotsogozedwa ndi Thomas Blischok linaunika malisiti oposa 1 miliyoni a sitolo pafupifupi 25, ndipo linaonadi kuti pakati pa 5 koloko ndi 7 koloko madzulo mowa ndi matewera zinkagulidwira limodzi. Zinathera pomwepo. Eni sitolo sanasunthe matewera kuwaika pafupi ndi mowa, ndipo za abambo otumidwa ndi akazi awo anachita kuwonjezera ndi osimba nkhani. Aphunzitsi akanachita bwino kuikamba monga inachitikira, chifukwa ikuonetsa vuto lofala: lipoti limatuluka, koma palibe amene amasintha kanthu.

Funso: Tsono manambalawa amathandiza bwanji masiku ano?

Yankho: Chiyambire June 1974, pamene barcode ya mtundu umene timauona pa katundu lero inawerengedwa koyamba pa paketi ya chingamu m'sitolo ya Marsh ku Troy, Ohio, chinthu chilichonse chodutsa pa thilu chimasiya mbiri: chagulidwa liti, kuti, ndi pa mtengo wanji. Kampani ya masitolo ya Tesco itayambitsa khadi la makasitomala lotchedwa Clubcard mu 1995 inatha kudziwanso wogulayo. Mbiri imeneyi imasonkhanitsidwa pamalo amodzi, imakonzedwa zolakwika, kenaka imafunsidwa mafunso okhudza katundu wofunika kuoda, mitengo ndi nthambi zimene zikuluza.

Chitsanzo choona cha Walmart ndi cha mu 2004. Namondwe wotchedwa Frances akuyandikira Florida, kampaniyi inaunika zimene anthu anagula milungu ingapo m'mbuyomo poyembekezera namondwe Charley. Kuwonjezera pa matochi, kunapezeka kuti timakeke ta Pop-Tarts ta sitiroberi tinkagulidwa kuchulukitsa kasanu ndi kawiri, ndipo mowa ndiwo unali patsogolo. Ulendo uno akuluakulu anachitapo kanthu: malole odzaza katunduyo anatumizidwa ku sitolo za m'njira ya namondweyo, ndipo wambiri anagulidwa mwamsanga.