Giza ya Gasi Ikakana Kuyaka: Zoyenera Kuyang'ana m'Nyumba za ku Glenwood

DURBAN - Magiza otenthetsa madzi ndi gasi wa LPG anachuluka m'nyumba za ku South Africa pamene kuzimazima kwa magetsi a Eskom kunafika poipa mu 2022 ndi 2023. Ku Glenwood, dera lomwe lili pamtunda wa Berea moyang'anizana ndi doko la Durban, magiza otere amapezeka m'nyumba za mabanja ndi za lendi zomwe. Vuto lomwe eni ake amakumana nalo kawirikawiri ndi lakuti mpopi ukatsegulidwa, moto suyaka ndipo madzi amatuluka ozizira. Nthawi zambiri giza imakhala isanawonongeke, koma chimodzi mwa zinthu zitatu zomwe imadalira chimakhala chitaperewera: madzi amphamvu, mabatire kapena gasi.

Momwe giza imayakira

Giza yotere sisunga madzi otentha. Mpopi ukatsegulidwa, madzi oyenda amakankha kalabala kapena kuzunguza kapepelo komwe kali mkati, ndipo izi zimayatsa switchi. M'magiza ambiri, mabatire awiri aakulu a saizi D, a mavoti 1.5 lililonse, ndiwo amathethetsa moto ndi kutsegula njira ya gasi. Moto ukayaka, kachitsulo kozindikira lawi kamalola kuti gasi apitirize kutuluka. Kakapanda kuzindikira lawi m'masekondi ochepa, giza imatseka gasi yokha. Pachifukwa ichi, zomwe munthu amamva akangotsegula mpopi zimasonyeza pomwe pagona vuto.

Giza ikangoti zii

Ngati palibe phokoso la kuthetheka, choyamba kuyang'ana ndi mabatire. Ayenera kusinthidwa onse awiri nthawi imodzi ndi kuikidwa molondola. Mpweya wa ku Durban ndi wachinyezi komanso wamchere, choncho tizitsulo ta m'kabokosi ka mabatire timachita dzimbiri msanga, makamaka pa giza ya pakhoma lakunja. Kupala dzimbirilo ndi sandipepa kumabwezeretsa mphamvu.

Mabatire akakhala abwino, vuto limakhala la madzi. Giza iliyonse ili ndi mlingo wochepetsetsa wa mphamvu ya madzi womwe unalembedwa m'buku lake, ndipo madzi akafooka kuposa pamenepo siyaka. Nkhaniyi ndi yofunika ku Durban, komwe madzi osefukira a mu Epulo 2022 anawononga mapaipi ambiri, ndipo mu Okutobala 2024 khonsolo ya eThekwini inayamba kuchepetsa madzi ndi mphamvu yake m'mapaipi. Madzi akabwerera atasiya kwa nthawi, amakokolola mchenga womwe umatseka kasefa ka polowera madzi m'giza komanso timabowo ta shawa. Kutsuka ziwirizi ndi kutsegula mpopi wa madzi otentha wokha mpaka kumapeto kumathandiza kudziwa ngati vuto linali limeneli.

Ikamathetheka koma osayaka

Apa madzi ndi mabatire zikugwira ntchito, koma gasi sakufika. Silinda ikhoza kukhala yopanda kanthu kapena yotseka. Masilinda ofala ndi a makilogalamu 9, 19 ndi 48, ndipo kulemera kwa silinda yopanda gasi kumadindidwa pa silindapo, kotero sikelo imaulula gasi wotsala. Ngati chitofu cholumikizidwa ku paipi yomweyo chikuyaka bwino, ndiye kuti gasi alipo. Silinda ikangosinthidwa kumene, m'paipi mumatsala mpweya wamba, ndipo giza imayaka pambuyo potsegula ndi kutseka mpopi kangapo. Zikapitirira, wokayikitsa ndi regulator, chipangizo chomwe chimatsitsa mphamvu ya gasi kufika pa 2.8 kPa, mlingo womwe zipangizo za m'nyumba za LPG zimagwiritsa ntchito ku South Africa.

Ikayaka n'kuzimanso

Moto ukazima patangopita masekondi ochepa, kachitsulo kozindikira lawi kamakhala kakutidwa ndi mwaye kapena dzimbiri. Mabatire ofooka amachititsanso zomwezi, chifukwa amatha kuthethetsa moto koma n'kulephera kugwira njira ya gasi kuti ikhale yotsegula. Mphepo yamphamvu imazimitsa giza yakunja yopanda chotchinga. Kutsegula kwambiri madzi ozizira pa shawa kumachepetsa madzi odutsa m'giza, ndipo moto umazima. Magiza ena anapangidwa kuti azizima okha pakatha mphindi 20, ndipo limenelo si vuto.

Malire a mwini nyumba

Mabatire, sefa, shawa ndi silinda ndi zomwe mwini nyumba angathe kuyang'ana yekha. Zamkati mwa giza, regulator ndi mapaipi a gasi ndi ntchito ya mmisiri wovomerezeka. Malamulo a Pressure Equipment Regulations a mu 2009, omwe ali pansi pa Occupational Health and Safety Act ya mu 1993, amafuna kuti ogwira ntchito ya gasi akhale olembetsedwa ku SAQCC Gas, ndipo mmisiri amakhala ndi khadi losonyeza zimenezi. Ntchito ya LPG m'nyumba imatsata muyezo wa SANS 10087-1, ndipo satifiketi ya Certificate of Conformity imafunika poika zipangizo, pozisintha ndi pogulitsa nyumba. Kampani ya inshuwalansi ikhoza kukana kulipira ngozi ya moto ngati satifiketiyi palibe. Wokhala pa lendi ayenera kudziwitsa mwini nyumba asanaitane mmisiri.

Zizindikiro zoopsa

Fungo la gasi likamveka, kuyesa kuyatsa kulekeke pomwepo. Silinda itsekedwe, zitseko ndi mawindo zitsegulidwe, ndipo pasakhale woyatsa machesi kapena kukhudza switchi ya magetsi. LPG ndi wolemera kuposa mpweya wamba, motero amadikha pansi ndi m'ngalande. Pothawira gasi amapafufuza ndi thovu la sopo, osati ndi moto. Lawi labwino limakhala labuluu. Lawi lachikasu, mwaye pakhoma, kapena mutu ndi chizungulire posamba ndi zizindikiro za carbon monoxide, mpweya wakupha wopanda fungo. Giza yotero isagwiritsidwenso ntchito mpaka mmisiri ataiyeza. Pa ngozi, nambala yoimba pa foni ya m'manja ndi 112.